Masiku 30 a ku Joni amathera pa deti lolembedwa m'chidindo

Akonzi,

Ndiloleni kudzera m'nyuzipepala yanu ndilankhule ndi abale athu amene amapita ku South Africa kawirikawiri: amayi a geni okaoda zovala ndi mabulangete ku Johannesburg, anyamata okagula masipeya a galimoto, makolo okaona ana ndi zidzukulu, komanso odwala okaonana ndi madokotala. Ambiri mwa anthu amenewa si ozemba malamulo. Ali ndi pasipoti yeniyeni, amadzera pa chipata chovomerezeka, sawoloka Limpopo usiku. Komabe tsiku lina amangouzidwa pa boda ya Beitbridge, malire a Zimbabwe ndi South Africa, kuti asadzapondenso dzikolo kwa chaka chathunthu, ena zaka zisanu, geni n'kufera pomwepo. Chimawagwetsa ndi kawerengedwe ka masiku, ndiponso malangizo a m'basi amene anali oona kale koma lero asanduka msampha.

Mmalawi wa pasipoti wamba safunika kukatenga viza asananyamuke ngati akukangocheza. Akafika pa chipata, wa imigireshoni amamudindira chilolezo cha mlendo cha masiku osapitirira 30. Mawu oti "osapitirira" ndiwo mutu wa nkhani. Masiku 30 ndi denga, si ngongole imene ofisala ayenera kukubwezerani. Akhoza kukupatsani 14, akhoza kukupatsani 7, malinga ndi zimene mwayankha komanso zimene akuona m'pasipoti mwanu. Anzathu a pasipoti ya Zambia kapena ya Zimbabwe denga lawo ndi masiku 90, choncho musatengere zimene wakuuzani mnzanu wa ku Chipata kapena wa ku Harare ngakhale mukulankhula chinenero chimodzi ndipo mwakhala mpando umodzi m'basi.

Pasipoti ikangobwezedwa m'manja mwanu, musaiponye m'chikwama n'kuthamangira basi. Sunthani pang'ono pambali pa kauntala, tsekulani tsamba ladindidwalo, muone zinthu zitatu: deti lolowera ngati ndi la tsikulo, dzina la chipata ngati likuwerengeka, ndi deti lomaliza kapena chiwerengero cha masiku chimene ofisala walemba. Inki ikakhala yofufutika kapena nambala yosadziwika ngati ndi 1 kapena 7, funsani pomwepo mwaulemu. Pamenepo kukonza n'kwa mphindi ziwiri, koma mukafika ku Musina palibenso wokonza. Kenako jambulani tsambalo ndi foni, pamodzi ndi tsamba la chithunzi chanu, mutumize kwa m'bale wanu pa WhatsApp kuti foni ikabedwa umboni utsale.

Cholakwika chofala kwambiri n'choganiza kuti masiku 30 ndi mwezi. Munthu walowa pa 10 Januwale, mumtima akuti atuluka pa 10 Febuluwale. Januwale ali ndi masiku 31, ndiye masiku 30 amatha pa 9 Febuluwale, ndipo ngati tsiku lolowera lawerengedwa ngati loyamba amatha pa 8. Miyezi ya masiku 31 ilipo isanu ndi iwiri pachaka, ndipo Disembala, mwezi umene anthu amayenda kwambiri, ndi umodzi mwa imeneyi.

Cholakwika chachiwiri ndi kugula tikiti ya basi ya tsiku lomaliza lenilenilo. Tsiku limene mwakwera basi ku Johannesburg silo limawerengedwa. Limawerengedwa ndi limene pasipoti yadindidwa potuluka. Kuchoka ku Johannesburg kukafika pa Beitbridge ndi makilomita oposa 500 pa msewu wa N1, ndipo basi zathu kawirikawiri zimachedwa kunyamuka chifukwa cha kupakira katundu m'ngolo. Tayala likaphulika pafupi ndi Polokwane, kapena mukapeza mabasi ambiri ali pamzere pa boda monga zimakhalira nyengo ya Khirisimasi ndi Pasaka, mumafika pa kauntala 12 koloko ya usiku itadutsa. Kompyuta imaona deti latsopano. Simva za tayala. Munthu wanzeru amasiya masiku atatu kapena anayi a padera, ndipo wapaulendo wa m'Disembala asiye sabata.

Tsopano chimachitika n'chiyani tsiku limodzi likapitirira? Apa ndi pamene malangizo akale amapweteketsa anthu. Kale munthu wopitiriza masiku ankalipira faindi n'kumapitiriza kuyenda. Zimenezi zinatha pa 26 Meyi 2014, pamene malamulo atsopano a pansi pa Immigration Act ya 2002, lamulo la South Africa loona za olowa ndi kutuluka m'dzikolo, anayamba kugwira ntchito. Kuyambira pamenepo palibe faindi, pali chiletso. Wopitiriza ndi masiku osaposa 30 amaletsedwa kulowa kwa miyezi 12. Wobwereza kachiwiri isanathe miyezi 24 amaletsedwa zaka ziwiri. Wopitiriza ndi masiku oposa 30 amaletsedwa zaka zisanu. Ofisala amadinda m'pasipoti ndipo amakupatsani pepala lotchedwa Form 19, lonena kuti ndinu munthu wosafunika m'dzikolo kwa nthawi yakutiyakuti. Aliyense wokuuzani pa boda kuti "lipirani faindi ndikukonzereni" akukupemphani chiphuphu, chifukwa faindi yotero kulibe m'malamulo, ndipo sakupatsani lisiti la boma.

Pepala la Form 19 musalikwinye n'kulitaya chifukwa cha mkwiyo. Ndilo khomo lokhalo la apilo. Apilo imalembedwa ku Home Affairs, unduna wa South Africa woona za m'dziko, ndipo imatumizidwa pa imelo munthu ali kunja kwa dzikolo, makamaka asanathe masiku 10 ogwira ntchito. Pamafunika kalata yofotokoza chifukwa chimene munapitirizira, kope la Form 19, kope la tsamba la chithunzi ndi masamba a zidindo, ndi umboni wa chifukwacho. Umboni ndiye mwini nkhani. Kalata ya chipatala yosonyeza deti logonekedwa ndi lotuluka, chiphaso cha imfa ya m'bale amene munali kumudwazika, kalata ya kampani ya basi kapena ya ndege yovomereza kuti ulendo unalephereka, zoterezi zimamveka. Kalata yongopepesa kuti simunadziwe lamulo kawirikawiri siphula kanthu. Choncho wogonekedwa m'chipatala ku Joni, kapena womudwazika, apemphe kalata ya dokotala asanatuluke pa geti, chifukwa kuifunafuna muli ku Ndirande kapena ku Mangochi n'kovuta zedi.

Ena akaletsedwa amathamangira kukapangitsa pasipoti ina poganiza kuti buku latsopano lafafaniza mlandu. Chiletso sichili m'buku, chili m'kompyuta, pa dzina lanu ndi tsiku lanu lobadwa. Kusintha dzina kapena zaka pofuna kuzemba ndi mlandu winanso kuno kwathu, poti pasipoti masiku ano imayendera chiphaso cha unzika.

Ndifike pa njira ziwiri zachidule zimene zatchuka pakati pa abale athu, chifukwa apa ndi pamene ndikuona kuti anthu ambiri akupwetekera.

Yoyamba ndi yotuluka pang'ono n'kubwereranso. Masiku akatsala awiri, munthu amakwera takisi kupita ku Beitbridge, kapena ku Lebombo kumalire a Mozambique, kapena ku Maseru kumalire a Lesotho, amadinditsa kutuluka, amagona usiku umodzi tsidya linalo, m'mawa n'kubwerera kuti apatsidwe masiku 30 atsopano. Malamulo a 2014 anatseka khomo limeneli. Amanena kuti mlendo wolowa popanda viza, ngati sakhala m'dziko logawana malire ndi South Africa, akatuluka n'kubwerera amalowa pa chilolezo chake chakale chomwecho, masiku akupitirira kuwerengedwa. Ngati chakalecho chatha, angapatsidwe chatsopano cha masiku osaposa 7. Masiku athunthu amaperekedwa pokhapokha munthu akuchokera kudziko limene amakhala. Mayiko ogawana malire ndi South Africa ndi Zimbabwe, Mozambique, Botswana, Namibia, Lesotho ndi Eswatini. Malawi mulibe. Ndiye chimene chimamuyendera mnzanu wa ku Tete kapena wa ku Bulawayo inu sichingakuyendereni, pakuti iye akawoloka wafika kwawo, pamene inu mukawoloka mudakali mlendo. Ofisala amangoyang'ana ngati m'pasipoti muli chidindo cha Mwanza, Dedza, Chileka kapena bwalo la ndege la Kamuzu pakati pa kutuluka ndi kulowa kwanu. Zoopsa zake n'zakuti munthu amapatsidwa masiku 7, saona, amakhala mwezi wathunthu ali phee, ndipo potuluka amapezeka kuti wapitiriza ndi masiku 23.

Yachiwiri ndiyo yoipitsitsa: kupereka pasipoti kwa dalaivala, kondakitala kapena transipota kuti akaidinditse pa boda mwini wake ali ku Joni. Pasipoti imabwerako ili ndi zidindo zooneka bwino, chotuluka ndi cholowa, mwini wake n'kupuma. Koma chidindo cha inki ndi chithunzithunzi chabe cha zimene zalembedwa m'kompyuta. Ofisala akaika pasipoti pa makina amaona mbiri ya kulowa ndi kutuluka kwanu konse. Ngati chidindo chili m'buku koma m'kompyuta mulibe, ndiye kuti n'chabodza. Ngati chili m'kompyuta koma mulibe zidindo za Zimbabwe, Mozambique ndi Malawi zogwirizana nacho, funso limabwera lakuti munatuluka n'kupita kuti. Apa nkhani imachoka pa kupitiriza masiku n'kukhala ya chinyengo. Gawo 29 la Immigration Act ija limati munthu wopezeka ndi viza, pasipoti kapena chiphaso chachinyengo ndi woletsedwa, ndipo chiletso chimenechi chilibe deti lothera ngati chija cha miyezi 12. Chimachoka pokhapokha mkulu wa Home Affairs atavomera kuchichotsa. Wodinditsa uja saoneka tsiku limenelo. Dzina lili m'pasipoti ndi lanu, ndipo woyankha mafunso ndinu. Kuwonjezera apo, pasipoti ikakhala paulendo inu mulibe chiphaso chilichonse m'thumba, ndipo wapolisi akakuimitsani ku Hillbrow kapena ku Mayfair simungamuuze kuti pasipoti yanu ili pa Beitbridge. Mapeto ake amakhala ku Lindela, pafupi ndi Krugersdorp, kudikira kudipotedwa.

Njira yoongoka yowonjezera masiku ilipo, ngakhale ili ndi minga. Lamulo limalola kuti chilolezo cha mlendo chiwonjezeredwe ndi nthawi ina yosaposa miyezi itatu. Pempho silipita ku ofesi ya Home Affairs ya pafupi ndi kumene mukukhala. Limadzera ku kampani ya VFS Global, imene ili ndi maofesi m'mizinda ngati Johannesburg, Pretoria, Durban, Cape Town, Polokwane ndi Bloemfontein. Mumadzaza fomu pa intaneti, mumalipira, mumasungitsa tsiku, kenako mumapita nokha kukapereka mapepala, kukajambulidwa ndi kukadinda zala. Wina sangakupitireni. Ndalama zake ndi ziwiri: R425 ya boma ndi ina ya VFS yoposa R1,000, ndipo zonse sizibwezedwa pempho likakanidwa. A VFS amangolandira ndi kutumiza mapepala. Ovomera kapena kukana ndi a Home Affairs. Dobadoba wolonjeza kuti ali ndi munthu mkati mwa VFS wotulutsa viza sabata imodzi akugulitsa chinthu chimene kampaniyo ilibe.

Mapepala ofunika ndi pasipoti yeniyeniyo ndi makope ake, kope la chidindo cholowera, kalata yofotokoza chifukwa chimene mukufunira masiku ena ndi deti limene mudzachoke, tikiti yobwerera yogwirizana ndi detilo, umboni wa ndalama monga sitetimenti ya kubanki ya miyezi itatu, ndi umboni wa kumene mukukhala. Ngati mukusungidwa ndi m'bale, alembe kalata, aikepo kope la chiphaso chake ndi umboni wa nyumba. Apa pali mbuna imene ambiri saiganizira. M'bale wokusunganiyo akhale ndi mapepala abwino iye mwini. Kalata yochokera kwa munthu amene masiku ake anatha kalekale imagwetsa pempho lanu, ndipo imaika adiresi yake m'manja mwa boma.

Nthawi yoperekera pempho ndiyo imavuta kwa ife a masiku 30. Malamulo amati pempho lifike masiku 60 chilolezo chisanathe, zimene zinalembedwa poganizira anthu a masiku 90. Kwa amene anapatsidwa masiku ochepera 30 amati lifike asanakwane masiku 7 ogwira ntchito omalizira. Ife a 30 ndendende tili pamalire a ziwirizi, choncho chanzeru ndi kuyamba sabata yoyamba yomwe mwafika. Masiku 7 ogwira ntchito si sabata imodzi. Loweruka, Lamulungu ndi maholide sawerengedwa, ndiye pakalendala amakwana 9 mpaka 11, ndipo m'Disembala muchotsenso 16, 25 ndi 26 amene ndi maholide kumeneko. Kunena mwachidule, pofika tsiku la 19 mapepala akhale ataperekedwa, osati mukuyamba kumene kufunafuna tsiku pa intaneti, poti nthawi zina malo apafupi amakhala atadzaza.

Mukapereka mumabwezeredwa pasipoti pamodzi ndi lisiti. Lisitilo muziyenda nalo, koma mudziwe malire ake. Limasonyeza kuti munapempha nthawi yake isanathe. Si viza. Vuto limabuka pamene yankho lachedwa, masiku akale atha, ndipo kumudzi kwagwa maliro. Mukafika pa boda ndi lisiti lokha, kompyuta imaona munthu wopitiriza masiku, ndipo mukhoza kupatsidwa Form 19, lisitilo n'kudzangothandiza pa apilo. Boma la South Africa limatulutsa nthawi ndi nthawi zilengezo zokhululukira odikira mayankho, koma kawirikawiri zimakhala za opempha maviza a nthawi yaitali, ndipo zimakhala ndi deti lothera. M'Disembala 2023 linalengeza kuti alendo a maviza aafupi amene anapempha kuwonjezera masiku, akafika pa 23 Febuluwale 2024 osayankhidwa, atuluke pofika pa 29 Febuluwale. Choncho chilengezo chimene mnzanu anatulukira chaka chatha musachidalire chaka chino musanawerenge chatsopano. Kwa munthu wa geni, maganizo anga ndi akuti kuwonjezera masiku sikupindulitsa. Ndalama za pempho ndi kusatsimikizika kwa yankho zimaposa kubwerera kumudzi, kugulitsa katundu, n'kudzalowanso bwinobwino. Njirayi ndi ya wodwala amene dokotala wamupatsa deti lina, kapena agogo odzalera mwana wobadwa kumene.

Amene masiku amuthera ali pa bedi la chipatala asathamangire ku boda osafunsa. Malamulo amapereka mpata kwa munthu amene walephera kupempha pa zifukwa zoposa mphamvu zake, bola asanamangidwe, kuti akafotokoze molemba ku nthambi ya imigireshoni ya Home Affairs ali ndi umboni. Akavomera amapereka pepala lotchedwa Form 20, lomulola kukhala pamene akupereka pempho lake. Si aliyense amapatsidwa, ndipo kuchedwa kupita kumachepetsa mwayi.

Chilolezo cha mlendo sichilola kugwira ntchito, kaya ndi ya m'nyumba, ya m'munda wa maluwa kapena ya m'shopu. Sichisinthidwanso kukhala viza ya ntchito kapena ya sukulu munthu ali konko. Viza yotero imapemphedwa kuno kwathu. Khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko la South Africa linatsekula kampata mu 2019 kwa okwatirana ndi nzika kapena okhazikika m'dzikolo, komanso ana awo, koma kwa ambiri a ife lamulo lidakali pomwepo.

Woyenda kawirikawiri asamalenso buku lenilenilo. South Africa imafuna pasipoti yokhala ndi masamba awiri opanda kanthu, ndiponso yoti idzakhale isanathe kwa masiku 30 kuchokera tsiku limene mudzachoke. Werengani zidindo za ulendo umodzi wa pabasi kuchokera ku Blantyre: kutuluka pa Mwanza, kulowa pa Zobue, kutuluka pa Cuchamano, kulowa pa Nyamapanda, kutuluka Zimbabwe pa Beitbridge, kulowa South Africa. Ndi zidindo 6 popita, 12 ulendo wonse. Woyenda mwezi ndi mwezi amasonkhanitsa zidindo 144 pachaka, ndipo buku la masamba 36 limadzaza zaka zake 10 zisanafike n'komwe. Yambani kupangitsa lina masamba akatsala asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo lakalelo musalitaye, chifukwa ndilo umboni woti mumalowa ndi kutuluka nthawi yake.

Mbiri imeneyi ndi imene ofisala amawerenga posankha masiku okupatsani. Akaona kuti miyezi isanu ndi umodzi yapitayi mumakhala masiku 29 mkati, atatu kunja, 29 mkati, amaganiza kuti mumakhala konko ndipo mukugwira ntchito, ndiye amadula masiku kapena kukubwezani. Akaona masiku asanu mkati, masabata atatu kunja, amaona wamalonda. Muziyenda ndi tikiti yobwerera, adiresi yeniyeni ya kumene mukafikire yolembedwa papepala, malisiti a katundu wa ulendo wapita, ndi mapepala a bizinesi ngati munalembetsa. Akafunsa masiku amene mukufuna, tchulani chiwerengero chogwirizana ndi tikiti yanu n'kuwonjezerapo pang'ono, ndipo yankho lanu likhale limodzi ngakhale afunse kawiri.

Pasipoti ikatayika kumeneko masiku sasiya kuwerengedwa. Kanenani kupolisi tsiku lomwelo, mutenge chikalata cholumbira, mupite ku ofesi ya kazembe wathu ku Pretoria kapena ku Johannesburg kukapempha chiphaso chobwererera kumudzi. Chithunzi cha chidindo chija munatumiza kwa m'bale wanu chimagwira ntchito pamenepa.

Akonzi, ndili ndi mapempho atatu. Makampani a basi zopita ku Joni asindikize kuseri kwa tikiti, m'Chichewa, m'Chiyao ndi m'Chitumbuka, kuti kupitiriza tsiku limodzi ndi chiletso cha miyezi 12, ndipo ogulitsa matikiti ku Johannesburg aziyamba aona deti la m'chidindo asanagulitse mpando wa tsiku lomaliza. Nthambi yathu yoona za olowa ndi kutuluka m'dziko ikhome zikwangwani za uthenga womwewu pa Mwanza, pa Dedza ndi m'maofesi operekera mapasipoti ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Mangochi, pamene anthu amakhala maola ambiri pamzere ali ndi nthawi yowerenga. Ndipo unduna wathu woona za maubale ndi mayiko ena ukambirane ndi boma la South Africa kuti Amalawi nawonso azipatsidwa masiku 90 monga anzathu a ku Zambia ndi Zimbabwe. Ndi masiku 90, lamulo lija la kupempha masiku 60 chilolezo chisanathe lingathe kutsatidwa, ndipo mayi wopita kukadwazika mwana wake ku Durban sangafunike kuyamba kudzaza mafomu sabata yomwe wafika.

Ine wowerenga wanu,
Limbe